Woweruza wa Lachinayi

Nthawi ya ulamuliro wa asilikali ija, kuno ku Ibadan tinkapanikizana pa TV ya aneba Lachinayi lililonse, kuonera sewero limene Bambo Ogunbiyi ankaweruzamo milandu. Linali khoti lokhalo lomanga akuluakulu olanda katundu wa amasiye. Masiku enawo bamboyo anali telala pamsika.

Tsiku lina Mayi Morenike, amene alamu awo anawalanda nyumba amuna awo atamwalira, anafika n'kugwada pashopu ya telalayo.

"Dzukani, mayi. Ine si woweruza weniweni, mkanjo uja ndinasoka ndekha."

"Ndikudziwa, bambo. Koma enieniwo sandilola n'kulankhula komwe."

Bambo Ogunbiyi anaimitsa makina n'kuwakokera mpando. Sewerolo linadzatha, koma mpando uja sunasowepo munthu mpaka tsiku limene tinaika bamboyo m'manda.