Sipoko ya Njinga pa Mbale ya Achemwali

Chaka chimene alamu anga, amuna awo a achemwali, anabwera kutchuthi kuchokera ku Halale, anabweretsa galamafoni ndi mbale za nyimbo zisanu. Zinayi zinali zongodzazira bokosi. Yachisanuyo ndiyo inali ndi nyimbo imene inagwedeza dziko chaka chimenecho, ya gitala ndi kachitoliro. Pa wailesi ya aphunzitsi ku Bembeke anthu ankangopempha yomweyo mlungu ndi mlungu, ndipo Msilamu wina wa sitolo ku Dedza ankaiika pakhonde kuti akope ogula. Mawu ake sitinkawamva, koma tinkaimba nawo molimba mtima.

Alamu atabwerera kuntchito, achemwali anga ankaiimba Lamulungu lokha tikachoka ku Misa, atakhala duu, manja pamiyendo. Singano za galamafoni zinkabuntha msanga, ndiye iwo ankaziumira. Itatsala imodzi anaimanga pansonga ya mpango, n'kunena kuti imeneyo idikira mwini wake. Makalata a alamu anayamba kubwera patalipatali, kenaka anasiya.

Ine ndinali namwali wamatama, wosafuna kupitidwa. Tsiku lina tikukumba mbatata ya kachewere, anzanga anandiseka kuti kwathu tili ndi galamafoni yosalankhula. Zinandipweteka. Ndinapempha achemwali singano ija, iwo anakana. Loweruka atapita kukagulitsa kabichi ku Chimbiya, ndinathyola sipoko ya njinga yakufa ya abambo, n'kuinola pamwala mpaka inasongoka ngati singano. Ndinadziona wanzeru kuposa azungu amene anapanga chinthucho.

Inaimbadi. Tinavina kuseri kwa nkhokwe mpaka fumbi koboo, kubwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ndinkaona ufa wakuda ukutuluka pamene sipoko inkadutsa, ndinkangouuzira. Pomaliza chitoliro chija chinali chitamira m'phokoso ngati la chimanga chokazinga. Ndinapukuta mbaleyo ndi chitenje, kuibwezera m'chikwama chake, n'kuopseza anzanga kuti woulula ndithana naye.

Patapita miyezi ingapo, munthu wina wochokera ku Halale anabweretsa jekete ndi uthenga wakuti alamu anamwalira ndi chifuwa ndipo anaikidwa komweko. Tinalira maliro opanda mtembo. Anthu atabalalika, achemwali anatulutsa galamafoni, anamasula singano ija, naika mbale ija, napukusa chogwirira. Ine ndinali pakhomo. Panamveka kukhwekhwereza kokhakokha, gitala akumveka patali kwambiri. Anaisiya mpaka inafika kumapeto.

Ndinadikira kuti andifunse. Ndikanafunsidwa mwina ndikanavomera, ndimadzinamiza choncho mpaka lero. Koma iwo anati olakwa ndi iwowo, anaiimba kwambiri Malamulungu aja mpaka anaitha okha. Anaitembenuzatembenuza m'manja, kenaka anandiyang'ana.

"Undikhululukire, mng'ono wanga. Ndikanadziwa kuti inatha kale, bwenzi nditakulola tsiku lija kuti uvineko ndi anzako."

Manyazi amene ndinamva sindinawamveponso. Ndinali ndi mpata wonse woti ndinene, panalibe wina m'nyumbamo. Ndinayang'ana pansi n'kuwayankha kuti palibe kanthu, ndawakhululukira.

Achemwali anakhala zaka zina zambiri, tinkagawana mchere ndi moto, ana anga analeledwa pamsana pawo. Anamwalira akudziwa kuti ine ndine munthu wosasunga mangawa.