Mpanda Umene Ndinautsuka

Ntchito yanga yachiwiri ku England inali yosamalira mkulu wina wodwala miyendo, m'mudzi wa kumalire kwa London, kumene basi yofiira inkafika kamodzi pa ola n'kutembenukira patchalitchi. Pamapu ndi London ndithu, koma mahatchi anali ambiri kuposa ana. Amene anandilemba ntchito anali mwana wamkazi wa mkuluyo, ndipo ndinkagona m'nyumba momwemo. Ntchito ikanatha, pogona pakanathanso.

Nyumbayo inali ya zaka mazana atatu. Polowa ndinkachita kuwerama, pansi panali popendekeka, mphepo inkalowa mawindo ali chitsekere. Kwathu munthu wandalama akanaigwetsa kalekale. Kumeneko inali m'kaundula wa boma wa nyumba zakale, ndipo Lamlungu alendo ankaima pamsewu kuijambula.

Kutsogolo kwake kunali mpanda wa miyala wodzaza ndere, zobiriwira, zachikasu, zina zotuwa. Unkandichititsa manyazi. Ndinkaganiza kuti odutsa akunena kuti pakhomo pano wantchito alipo koma ndi waulesi. Ndiye masana, mkuluyo akagona, ndinkatenga bulashi ya waya, ndowa ndi sopo. Pa masiku atatu miyala yonse inayera mbee.

Oyamba kuona anali mayi ena a m'komiti yoyang'anira maonekedwe a mudzi, amene ankadutsa ndi galu m'mawa uliwonse. Anthu a kumeneko sakalipa. Anaima nthawi yaitali, kenako anati, "Mwagwira ntchito yaikulu zedi." Ndinathokoza. Ndinawauzanso kuti ndikapeza mpata ndikatsuka ziliza za kumanda a patchalitchi, chifukwa nazonso zada. Anangokoka galu wawo.

M'mawa mwake mwana wamkazi uja anatulukira kuchokera m'tauni, atalandira mafoni anayi. Anandiuza kuti ndere zija zinatenga zaka zoposa zana kuti zimere, kuti zili pa makhadi a zithunzi amene amagulitsidwa kupositi ofesi, ndiponso kuti komiti yakhumudwa kwambiri. Anati aganizira ngati ndine munthu woyenera nyumba yotere. Za bambo ake, amene zilonda zawo za kumsana zinali zitapola m'manja mwanga, sanafunse. Komitiyo inakumana kawiri pa nkhani ya mpanda. Ine ndinali nditakhala miyezi isanu ndi umodzi pakhomopo, osaonapo mmodzi wa iwo akugogoda kudzazonda mwini mpandawo.

Chigamulo anabwera nacho mayi a galu aja. Ndinayenera kupaka mpanda wonse yogati wosakaniza ndi ndowe za ng'ombe, sabata iliyonse, kuti ndere zimerenso msanga. Ndinayesa kuti ndi nthabwala. Koma anali atalemba papepala, ndi miyezo yake yomwe.

Ndinaimbira foni mlamu wanga, namwino wokhala ku Thamesmead, kumufunsa ngati ndingosiya ntchitoyo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, ndege yonse ija munakwera kuti mudzamwetse khoma chambiko?"

Ndinati nkhaniyi si yoseketsa.

"Nanga kopita muli nako?"

Ndinalibe.

Ndinapaka chilimwe chonse. Fungo linkafika mpaka pamalo okwerera basi, ntchentche zinabwera zochuluka, koma palibe anadandaula. Anthu amene kale ankandidutsa ngati mtengo anayamba kundipatsa moni, ena kuima n'kumandilangiza kuti ndiwonjeze ndowe. Mkuluyo ankandionerera pawindo. Tsiku lina ndikumumeta ndevu anandinong'oneza kuti mpandawo sanaukondepo chibadwire, koma ndisauze munthu.

Mvula ya mwezi wa Okutobala itagwa, timadontho tobiriwira tinayamba kuoneka m'mphako za miyala. Mayi a galu anawerama kutiyang'ana, atavala magalasi. Sabata yomweyo mwana wamkazi uja anaimba foni kunena kuti ndikhoza kupitiriza. Ndinakhala pakhomopo zaka zinayi, mpaka mkuluyo anamwalira. Pa zaka zonsezo, chinthu chikada kunja kwa nyumba, ndinkayamba ndafunsa kuti litsirolo lili ndi zaka zingati.