Masabata Khumi a Amayi a Mabisiketi

Lachinayi pa 16 Novembala 2023 tinaperekeza kumanda Amayi a Mabisiketi, amene kwa zaka zoposa makumi asanu ankakhala pa benchi yachitatu kumanzere m'tchalitchi chathu. Masiku amene ali m'nkhaniyi ndawatenga m'mabuku a parishi ndi pa makhadi a kuchipatala amene banja linasunga. Mawu awo ndinawamva kwa mwana wawo ndi kwa mlamu wawo, amene akadali moyo ndipo sanaiwale kanthu.

Anabadwa pa 9 Malichi 1941, wachiwiri mwa ana asanu a telala. Mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sukulu inathera pomwepo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu analowa ntchito pamalo ophikira buledi. Anayamba ndi kutsuka mathireyi, kenako anawaika pa uvuni. Wotchi ya pakhoma pamalopo inali yakufa, ndipo mwini wake analibe nayo ntchito. Mtsikanayo anapeza njira yakeyake yoyezera nthawi. Akalowetsa mabisiketi mu uvuni ankayamba kolona, ndipo akamaliza zigawo zinayi, chilichonse cha Tikuoneni Maria khumi, mabisiketi amakhala atapsa bwino. Njira imeneyi sanaisiye moyo wawo wonse.

Pa 17 Ogasiti 1963 anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, munthu wanthabwala komanso wachangu pa chilichonse. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa depoti, ndipo kukhitchini kunali sitovu ya nkhuni yokhala ndi uvuni waung'ono. Mu 1965 pathupi pawo poyamba panapita padera. Mu 1967 zinachitikanso. Pa 21 Disembala 1970 anabereka mwana wamwamuna, amene anabatizidwa m'chipatala momwemo ndipo anakhala ndi moyo masiku awiri.

Khirisimasi ya chaka chimenecho inawapeza m'chipinda chakumapeto kwa wodi ya amayi, mmene ankagonekamo amayi amene analibe mwana womunyamula. Iwo anaona kuti alendo obwera ndi mphatso ankalowa m'zipinda za makanda, koma pakhomo la chipinda chawo ankadutsa mwakachetechete, posowa chonena. Sanadandaule kwa munthu. Koma kuyambira 1971, pa 24 Disembala paliponse ankafika m'chipinda chimenecho ndi chitini cha mabisiketi, n'kukhala pang'ono m'mphepete mwa bedi la mayi aliyense. Sankalalikira. Ankangonena kuti, "Inenso ndinagona pamenepa. Idyani kaye."

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Amayiwa anali ofatsa paliponse kupatula kukhitchini. Pa ntchito ya mabisiketi sankalola munthu kukhudza ngakhale supuni, ndipo mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, amati kulowamo kunali kovuta kuposa kulowa mu ofesi ya bwana.

Mu 1974 anakhalanso oyembekezera, ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Lolemba pa 2 Disembala, pathupi pali miyezi isanu ndi iwiri, dokotala anaona zizindikiro zomwe zinaonekanso mu 1970. Anawauza mosapita m'mbali kuti azigona mpaka mwana atabadwa: osaima nthawi yaitali, osanyamula kanthu, osakanda ufa. Akapanda kutero, mwanayo akhoza kubadwa nthawi isanakwane, ndipo sangakhale ndi moyo. Mlamu uja anasiya makina ake osokera n'kusamukira m'nyumbamo kudzawasamala.

Kwa masiku khumi ndi asanu ndi atatu anamvera. Lachisanu pa 20 Disembala m'mawa, mlamu atapita kumsika, anadzuka. Pobwera, mlamu anawapeza atatsamira tebulo la kukhitchini, manja ali mu ufa, thukuta lili chuchuchu, dzanja lina likupita kumsana.

"Alamu! Mukufuna mwana kapena mabisiketi? Sankhani lero, poti dokotala wanena kuti zonse ziwiri sizitheka."

"Ndingokanda basi, ndikagona."

"Mukagona kuchipatala, m'chipinda chanu chija. Bedi lanu akusungirani."

Mawuwo anali owawa, ndipo mlamu amavomereza kuti anawanena dala. Amayiwo anakhala pampando. Kenako anati, "Alamu, ndikasiya chaka chino, ndiye kuti zaka zitatu zija ndinkagula mwana kwa Mulungu. Ndalandira katundu, ndatembenuka. Nanga amene agona m'chipinda chija sabata ino alakwa chiyani?"

Masana amuna awo atabwera kudzadya, anamva nkhani yonse. Sanakalipe. Anavula jekete la yunifolomu, anauza mlongo wawo kuti agwire mbali ina ya bedi, n'kulikokera mpaka pakhomo la khitchini, kumiyendo kwake kutaloza ku sitovu.

"Mayi, gonani apa. Muziona zonse. Pakamwa ndi panu, manja ndi athu."

Ntchito inayamba Loweruka m'mawa. Ali chogona, amayiwo ankalamula: makapu anayi a ufa, limodzi la shuga, batala wofewa osati wosungunuka. Mlamu anakanda, bambo anadula mabisiketi ndi kamwa ya tambula. Thireyi yoyamba italowa, anauza amuna awo kuti anene zigawo zinayi za kolona. Bamboyo anagwada pafupi ndi sitovu, ndipo pasanapite nthawi anaimirira n'kutsegula uvuni. Mabisiketi anali oyera, ofewa ngati sanaone moto.

"Achimwene," anatero mlamu, "kolona mwaiyendetsa ngati basi yochedwa."

"Mawu onse ndanena ine. Palibe limene ndadumpha."

"Mwanena onse, abambo," anatero akazi awo, "koma simunaime pa siteji ndi imodzi yomwe."

Thireyi yachiwiri anaipereka kwa mlamu. Iye anali ndi chizolowezi chotchula dzina la m'bale womwalira akamaliza Tikuoneni Maria aliyense, ndipo banja lawo linali lalikulu. Ali m'chigawo chachitatu, utsi unayamba kutuluka m'mbali mwa chitseko cha uvuni. Bamboyo anatulutsa thireyi ndi chiguduli, n'kuyang'ana mabisiketi akuda bii.

"Achemwali, amalume mwawapempherera bwino. Koma awa ndiye apita nawo limodzi."

Amayi anagwira pamimba ndi manja onse awiri. "Musandiseketse inu, dokotala sanalole."

Ufa wotsala unali wa mathireyi asanu ndi limodzi okha, ndipo panalibenso woti n'kuwononga. Mlamu ndiye anathetsa nkhani. Anatenga kolona n'kuiika m'manja mwa wogonayo. "Wotchi ya nyumba ino ndinu. Wotchi siimirira kukakanda ufa. Pempherani, mukafika mutiuze."

Anatero. Thireyi ikalowa, iwo ankayamba pa liwiro lawo la masiku onse, ndipo akamaliza chigawo chachinayi ankangoti, "Tulutsani." Mathireyi onse asanu ndi limodzi anatuluka bwino. Mabisiketi anakwana 140, ena opindika m'mbali. Amayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, mlamu akudikira kudzudzulidwa, koma anangoti, "Aikeni m'chitini akazizira."

Lachiwiri pa 24 Disembala m'mawa, bamboyo ananyamula chitini kupita kuchipatala atavala yunifolomu. Amuna sankaloledwa kulowa m'chipindacho, choncho anaima pakhomo chipewa chili m'manja, mlongo wawo n'kulowa. Munali amayi asanu ndi anayi. Mlamu sakananena kuti nayenso anagona pamenepo. Ananena zimene anatumidwa: "Amene atumiza izi anagona pabedi ilo la pawindo. Lero sangathe kuyenda, koma akuti mudye kaye."

Masabata otsatira anali ovuta kuposa a Disembala, chifukwa panalibe ntchito yoti aiyang'anire. Munthu amene sanazolowere kupempha kanthu anaphunzira kupempha madzi, kupempha kutembenuzidwa, kupempha kuti wina amutsuke mapazi. Ukalistia ankalandirira pabedi Lamlungu lililonse. Kuchokera pa tsiku la ufa lija sanadzukenso popanda chilolezo.

Lachiwiri pa 11 Febuluwale 1975, patatha masabata khumi ndi tsiku limodzi dokotala atalamula, anabereka mwana wamkazi wolemera makilogalamu awiri ndi theka. Anabatizidwa m'tchalitchi chino pa 16 Malichi, ndipo mlamu ndiye anali mayi wake wa ubatizo. Sanakhalenso ndi mwana wina.

Kuyambira 1975 khitchini yawo inatseguka. Chaka chimenecho anaitana amayi awiri a m'parishi, chaka chotsatira asanu, ndipo ambiri amene amaphika pa zochitika zathu lero anaphunzira pa tebulo limenelo. Wophunzira akapsereza thireyi ankamuuza kuti, "Sesa, yambanso. Ine ndinaonapo zoposa apa." Mu 1992 amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo anawasamala zaka zisanu ndi chimodzi mpaka anamwalira pa 3 Juni 1998. Mu 2011 maso anayamba kuchita khungu. Ulendo wawo womaliza wa kuchipinda chija unali mu 2019, atagwira mkono wa mwana wawo, amene tsopano ndi mphunzitsi ndipo ali ndi ana atatu.

Mu Okutobala 2023 mtima unayamba kufooka, ndipo anasamukira kwa mwana wawoyo. Lamlungu pa 12 Novembala analandira sakramenti la odwala ali ndi nzeru zawo zonse. Lachiwiri masana mwanayo anali pikitipikiti m'chipindamo, kusintha nsalu za pabedi, kukonza mankhwala, kutuluka ndi kulowa. Amayi ake ankamutsatira ndi khutu.

"Mwana wanga, khala pansi."

"Ndingomaliza izi, amayi."

"Ine ndinagona masabata khumi kudikira iwe. Khala pansi."

Anasiya nsalu pomwepo, n'kukhala pampando, n'kugwira dzanja lawo. Nthawi itadutsa pang'ono 3 koloko, mpweya unayamba kutalikirana, kenako unaleka. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu ziwiri.

Ambiri tidzawakumbukira chifukwa cha zimene anachita ndi manja awo, ndipo n'koyenera. Koma mlamu wawo amati ntchito yaikulu imene anawaona akugwira inali ya masabata aja, pamene anapinda manja n'kulola ena awatumikire kuti mwana akhale ndi moyo. Ambuye, amene anawapatsa mphamvu yogona pamene mtima unkafuna kudzuka, awapatse tsopano mpumulo wosatha.