Mawaya a mlatho wathu

Bambo anga ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Lirangwe, moyang'anana ndi msika. Ine ntchito yanga inali kuwapititsira chakudya cha masana n'kudikira mbale. Zitsulo sindinkakhudza. Sanandiletsepo ndi pakamwa, koma ndikangoyandikira bokosi la masipanala ankalikankhira pansi pa benchi ndi phazi, uku akucheza ndi kasitomala. Choncho ndinkangopenya. Akamawongola gudumu ankalimbitsa sipoko imodzi n'kuigogoda ndi chikhadabo, khutu lili pafupi. Yolira mosiyana ndi zinzake ankaibwerera.

Ndili Fomu 3, aphunzitsi a sayansi anandilembetsa ku maphunziro a uinjiniya a patchuthi, okonzera atsikana a m'sukulu zoyendera za kumidzi. Ankachitikira ku Chileka kwa milungu itatu. Mayi anavomera pomwepo. Bambo anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati zinali zoona kuti tikavala maovolosi ngati amuna. Nditavomera, anati ndipite poti dzina lalembedwa kale, koma ndikabwerako sukulu ikwanira pomwepo, ndikayambe kuphunzira kusoka kwa azakhali ku Mdeka. Makina osokera ndinkadana nawo, ndipo mpaka lero batani likathothoka ndimapatsa ena.

Ku Chileka anatigawa anayianayi n'kutipatsa nsungwi ndi mawaya kuti timange kamlatho kotha kunyamula njerwa. Wotiphunzitsa anali mayi wina injiniya, wamfupi, wosakonda kubwereza mawu. Masamu ake tinkawamva, koma milatho yathu iwiri yoyamba inapendekera mbali imodzi n'kugwa. Pomanga wachitatu ndinangopezeka ndikugogoda mawaya, khutu lili pafupi. Ena ankalira mokwera, ena motsika. Ndinakunga okhwepawo mpaka onse analira mofanana, anzanga akuseka kuti ndasanduka woyimba bangwe. Mayi aja anandifunsa kumene ndinaphunzira zimenezo. Manyazi anandigwira, ndinati ndangoganiza ndekha. Bodza limenelo linandiwawa milungu yonseyo.

Tsiku lotsekera makolo anaitanidwa. Bambo anapalasa njinga kuchokera ku Lirangwe atavala jekete la kutchalitchi, dzuwa lonse lija. Atandiona mu ovolosi anayang'ana kumbali. Njerwa zinayamba kusanjidwa pa mlatho wathu, imodziimodzi, mpaka mulu unatha mlatho osagwedezeka. Anthu ali mkati moomba m'manja, bambo anadzuka pampando, nakagwada pafumbi ndi thalauza lawo labwino lija, n'kuyamba kugogoda mawaya.

Mayi injiniya aja anawayang'ana, kenako anayang'ana ine. Apo ndinayankhula mokweza kuti onse amve.

"Awa ndi bambo anga. Amakonza njinga pa Lirangwe. Zogogoda zija ndinaonera iwowa."

Bambo sanadzutse mutu. Anafunsa amene anakunga mawayawo, ndinati ndine.

"Wakumapetoyu wakhwepa pang'ono," anatero.

Ndinamugogoda, ndipo analidi wokhwepa. Mayi aja anaseka n'kuwagwira chanza ndi manja awiri, nawauza kuti mwanayu asamusiyitse sukulu. Bambo anangoti amva.

Pobwerera anandikweza pa kaliyala. Njira yonse sanatchule za azakhali kapena za kusoka, anangodandaula za fumbi ndi madalaivala a minibasi. Ine sindinadziwe ngati nkhani ija yatha kapena ikundidikira kunyumba.

Mawa lake ndinawapititsira chakudya monga mwa masiku onse. Panali makasitomala atatu pabenchi, onse amuna. Bambo anakoka bokosi lija ndi phazi, koma ulendo uno analikankhira kwa ine.

"Mbalezo ika apo. Gudumu ilo lapindika. Uliwongole msanga, Lolemba sukulu ikutsegulidwa."

Milatho ndamangapo ingapo kuchokera nthawi imeneyo, ya simenti ndi zitsulo, ndipo ndimanyada nayo. Koma palibe umene ndinaugwira mosamala ngati gudumu limenelo, bambo atakhala pambali akudya, khutu atalitchera kwa ine.