Deliwe Akana Kupereka Pasiwedi

Deliwe anabadwira ku Thambani, m'banja la alimi a manachesi. Atamaliza Fomu 4 anakaphunzira za makompyuta ku Blantyre zaka ziwiri, koma atabwerako ntchito imene anapeza inali yotayipa mapepala mu ofesi ina ya maejenti okonza mapepala olowetsera katundu pamalire a Mwanza. Ofesiyo inali ya mayi Rozina, koma oyendetsa zonse tsiku ndi tsiku anali alamu awo, bambo Laston.

Zonse zokhudza mathiraki, nambala, dzina la dalaivala, katundu ndi kulemera kwake, zinkasungidwa m'failo imodzi yoyenda pa fulashi. Aliyense ankatha kuitsegula n'kusintha chimene wafuna.

Tsiku lina thiraki ya feteleza yochokera ku Beira inagwidwa masiku atatu chifukwa kulemera kwa pamapepala kunasiyana ndi kwa pasikelo. Dalaivala ankabwera pakhomo m'mawa uliwonse, akutukwana m'Chipwitikizi. Deliwe ankakumbukira bwino kuti anatayipa matani 30, koma m'failomo munali 24. Bambo Laston anamukalipira pamaso pa anthu onse.

"Ana a masiku ano maso amangokhala pa foni. Walakwitsa iwe, vomera!"

"Sindinalakwitse," anatero Deliwe, koma palibe anamumvera.

Loweruka m'mawa anapita kunyumba kwa mayi Rozina kukapempha kompyuta yakale imene inkangodya fumbi kuseri kwa kabati. Mayiwo anavomera. Deliwe anaipukuta, n'kuikamo MySQL, pulogalamu yosunga zinthu m'matebulo olumikizana: la mathiraki, la madalaivala, la katundu. Kenako anayamba kutseka makomo. Akaunti yaikulu, yotha kusintha chilichonse, anaipatsa pasiwedi yaitali, n'kuletsa kuti munthu alowe nayo kuchokera pa kompyuta ina. Maakaunti opanda dzina anawafufuta. Kompyutayo, imene tsopano inali seva yosunga zonse, anaikonza kuti izilankhula ndi makompyuta anayi a mu ofesimo basi. Wantchito aliyense anamupangira dzina ndi pasiwedi yakeyake, ndipo munthu akasintha nambala ngakhale imodzi, dzina lake ndi nthawi zinkalembeka pamalo oti iye sangafufute. Magetsi anathima kawiri. Deliwe anadikira pakhonde akukukuta chimanga chootcha, atayaka n'kupitiriza.

Lolemba bambo Laston atamva mmene zinthu zakhalira, anaima kutsogolo kwa tebulo lake.

"Undipatse pasiwedi yaikuluyo."

"Yanu ndakupatsani kale, bambo. Ntchito yanu yonse itheka ndi imeneyo."

"Ndati yaikuluyo! Kodi bwana ndani muno?"

"Ndinu. Koma imeneyo sindikupatsani. Ili mu envelopu kwa eni ake ofesi."

Deliwe sanagwetse maso. Anzake onse anaweramira pa matebulo awo, aliyense ngati watanganidwa ndi mapepala.

"Ndikuchotsa ntchito lero lomwe."

"Ndichotseni. Koma sindidzalolanso kutukwanidwa chifukwa cha nambala imene wasintha wina."

Bambo Laston anaimbira foni mayi Rozina, ndipo masana mayiwo anafika pa kabaza. Anamvetsera mbali zonse ziwiri osadula munthu mawu. Atatero anatembenukira kwa alamu awo.

"Alamu, tandiuzani. N'chiyani chimene mukufuna kuchita chimene pasiwedi yanuyo ikukukanizani?"

Bambo Laston anatsokomola, anayang'ana panja, n'kunena kuti nkhani si imeneyo, nkhani ndi ulemu. Mayi Rozina ananyamula chikwama chawo n'kumapita, envelopu ili momwemo.

Deliwe sanachotsedwe, koma sizinathere bwino kwenikweni. Bambo Laston anasiya kumupatsa moni, ndipo tebulo lake analisunthira pafupi ndi chitseko, pomwe fumbi la mathiraki limalowera. Iye anangogula nsalu yophimbira kiyibodi n'kumagwira ntchito yake pomwepo. Mvula itayamba, bambo Laston anasiya okha ntchito, akuti akukayamba bizinesi ku Tete.

Pano maofesi ena atatu pamalirepo anamuitana kale Deliwe kuti akawaikire seva. Mwini ofesi yachinayi anamukana atamva kuti bwana naye dzina lake lizilembeka akasintha nambala. Deliwe anangoti zikomo, n'kulongedza zingwe zake.