Apongozi a M'nkhalango ya Thambani

Inu amene mwakhala pansi dzanja lili patsaya chifukwa zinthu zakukanani, tamvani za Jailosi.

Tsiku limene anamulanda njinga, Jailosi anayenda wapansi kuchokera pa boma la Mwanza mpaka kwa Nthache. Njingayo inapita pamodzi ndi matumba atatu a makala. Anthu a zankhalango sanalakwe, lamulo ndi lamulo, ndipo iye ankalidziwa. Koma njinga imeneyo ndiyo chinthu chokha chimene anabwera nacho ku chikamwini. Anafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, nkhope ili bii.

Malume a mkazi wake, a Bartholomew, anamupeza asanasambe n'komwe.

"Akamwini, njinga ili kuti?"

"Alanda."

"Chaka chatha munali pa njerwa, munachoka uvuni usanapse. Munayamba kumeta anthu, masabata awiri basi. Kudimba munasiya tomato akufota. Kodi matako anuwa ali ndi minga?"

Jailosi anangowerama.

"Mvetserani. Chizimalupsa chikagwa mulibe ntchito yogwirika, ndiitana ankhoswe. Ana ndi athu, atsala. Njira ya kwanu ku Neno mukuidziwa."

Tisafulumire kuwaweruza akuluwa. Iwo ankaona mwana wa mlongo wawo, Esime, akuonda, ndi ana awiri akuyenda chigamba kumbuyo. Ndipo zimene ananenazo zinali zoona. Jailosi sankatha kukhala malo amodzi. Sitandade 8 analephera kawiri, chifukwa aphunzitsi akamalemba pa bolodi iye makutu amakhala ali kunja. Mbalame ikalira kuthengo, khasu limagwa lokha m'manja mwake. Kuyambira ali wamng'ono ankayenda ndi legeni pakhosi, ulimbo m'kachitini. Ankadziwa kumene nkhwali zimagona, mtengo umene pumbwa amakonda, nthawi imene njiwa zimatsikira kumadzi. Koma ndani anamangapo banja ndi zimenezo?

Mwezi wotsatira anapita kuboda kukasaka ganyu wonyamula katundu. Anazungulira pakati pa mathiraki kuyambira m'mawa, osapeza kanthu. Chakumasana anaona galimoto yaitali itaima pamthunzi, ikudikira mapepala. Azungu asanu anali ataima chagada, magalasi oonera patali ali m'maso. Ankatsogoleredwa ndi mayi wina wa ku Blantyre, a Vera, amene ntchito yawo inali yoyenda ndi alendo okonda kuona mbalame.

Kutali ndithu, kuseri kwa nyumba, kunamveka kulira: kokoko-ko-ko.

"Nkulukulu imeneyo," Jailosi anangolankhula yekha. "Koma mukuyang'ana kolakwika. Inali mu mkuyu uko, ndipo yanyamuka kale."

A Vera anacheuka. "Achimwene, mwaiona?"

"Ayi, ndaimva."

"Tigona pa boma masiku awiri. Mungatipezere mawa?"

"Nkhani yaing'ono imeneyo, madamu."

Kutacha anafika pamene alendowo anagona, thumba lili m'manja, akumwetulira ngati munthu wopambana mpikisano. Anamasula chingwe n'kutulutsa nkulukulu yamoyo, mapiko ake ofiira atamatana ndi ulimbo. Mzungu mmodzi anakuwa. Wina anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

"Mwachita chiyani?" a Vera anakalipa. "Ndinati mutipezere, sindinati mutigwirire!"

"Nanga kupeza n'kutani, madamu? Mukatuma mwana kuti akakupezereni nkhuku, amabwera kudzakuuzani kuti ili kuseri?"

A Vera anatsala pang'ono kuseka, koma anadzigwira. Anaitanitsa mafuta ophikira, ndipo awiriwo anakhala pansi kupukuta nthenga imodziimodzi. Zinatenga m'mawa wonse. Mbalameyo itamasulidwa inauluka mopepeluka n'kukatera pamtengo wapafupi.

"Anthu awa awoloka nyanja zikuluzikulu," anatero a Vera. "Nyama kwawo ilipo yambiri. Akufuna kuiona ili pamtengo pake, ikuchita zake. Yam'thumba alibe nayo ntchito."

"Basi kungoona?"

"Kungoona."

Jailosi ankafuna nthaka itang'ambika. Anatola thumba lake kuti azipita, koma a Vera anamuimitsa. Anatenga m'galimoto buku lakale la zithunzi za mbalame, chikuto chitachoka.

"Makutu muli nawo, manja ndi amene akukulakwitsani. Mu Novembala ndibwera ndi gulu lina, ndipo ndikufuna munthu wa kuno wodziwa nkhalango ya Thambani. Ndidzayesa anthu awiri. Mukadzabwera ndi ulimbo, musadzandipatse moni."

Kuyambira tsiku limenelo, Jailosi ankagwira ganyu aliyense m'mawa, masana n'kulowera kunkhalango. Kachitini ka ulimbo anakataya m'chimbudzi. Chovuta sichinali kupeza mbalame ayi. Chovuta chinali kuipeza n'kukhala phee. Dzanja limapita lokha pakhosi kufuna legeni. Miyendo imanyerenyesa. Tsiku loyamba anapirira mphindi zochepa chabe n'kudzambatuka. Anayamba kudzikhalira pamanja.

Mayina a m'bukumo anali a Chingerezi, ndipo lilime lake limakana. Esime anafika Fomu 2 asanakwatiwe, choncho anamupempha kuti azimuwerengera.

"Bambo a Iness, anzanu akusaka ntchito, inu mukuloweza mayina a mpheta?"

"Ungondiwerengera kamodzi."

"Kamodzi kanu ndimakadziwa."

Ankadandaula chotero, koma ankawerenga, akusenda nandolo, buku lili pamwendo. Jailosi akalakwitsa, ankamubwerezetsa mpaka ana kumaseka. M'mudzi anthu anamupatsa dzina loti Nduna ya Mbalame. Akamadutsa pachigayo, anyamata ankaimba likhweru.

Mu Okotobala kunatentha koopsa. Mnzake wina, Melvin, anabwera ndi nkhani yoti thiraki ina ikufuna wothandiza wopita ku Tete.

"Tiye, aise. Ukudikira mayi amene anakupatsa buku long'ambika? Anakuiwala kalekale ameneyo."

Jailosi analongedza malaya awiri m'jumbo. Anafika mpaka pamsewu. Anayenda uku ndi uku, kukhala pamwala, kudzuka, kukhalanso. Mtima unkati pita, monga unkanenera nthawi zonse. Kenako anadzifunsa kuti ndi chinthu chiti chimene anachiyambapo n'kuchifikitsa kumapeto. Panalibe ndi chimodzi chomwe. Thiraki itafika, anangoibayibitsa.

Chizimalupsa chinagwa kumapeto kwa mwezi womwewo, a Vera asanabwere. A Bartholomew sanachedwe, anatumiza uthenga ku Neno. Esime ndi amene anapita kukagwada.

"Malume, tsiku la ankhoswe muliike pakatha masabata awiri."

"Iwenso wayamba za mbalame?"

"Ayi. Koma munthuyu ndakhala naye zaka zisanu ndi zitatu, sindinamuonepo akugwira chinthu chimodzi miyezi itatu. Ndikufuna ndione mathero ake."

Anagwirizana Loweruka lachiwiri. A Vera anaimba foni Lachiwiri la sabata yomweyo, kuti Lachinayi m'mamawa akakumane pamphepete pa nkhalango.

Munthu winayo woyesedwa anali Kinsley, mnyamata wa pa boma wa satifiketi ya Fomu 4, Chingerezi chotuluka m'mphuno, nsapato zoyendera m'mapiri. Jailosi anali ndi patapata. Alendo anali atayenda kale masabata awiri. Anakwera ku Mulanje kumene nkhungu imakuta mitengo mpaka masana, analowa m'nkhalango zowirira za ku Ntchisi, anakwera bwato kukafika kuzilumba za panyanja. Anali otopa, ndipo Thambani anali malo otsiriza.

Pakati pawo panali mayi wokalamba woyenda ndi ndodo, a Anne. A Vera anafotokoza kuti pali mbalame imodzi imene mayiwo anaisaka ulendo wonse osaiona, ndipo pa msinkhu wawowo sankayembekeza kudzabweranso.

Kinsley anaitchula dzina msangamsanga. Anatulutsa foni n'kuliza kulira kwake. Kumunsi, kukhwawa la mitengo ikuluikulu, inayankha: huu-huk, huu-huk. Gulu lonse linathamangira komweko, masamba ouma ali tswatswatswa. Mbalame inangoti zii. Analizanso, anathamangiranso kwina. Kachitatu a Anne anakhala pachitsa, akupuma movutika.

A Vera anatembenukira kwa Jailosi. "Nanga inu? Mukuidziwa?"

Dzina lija analoweza ndi Esime linathawa. Mutu unangoti mbee. A Vera anatsegula buku n'kuloza chithunzi: msana wobiriwira, pamimba pofiira ngati magazi.

"Aa! Apongozi!"

"Apongozi a ndani?"

"Ndimawatchula choncho ine, madamu. Sakuyang'ana kumaso. Ukawayandikira amakupatsa msana, ndiye msanawo ndi masamba enieni, sungawaone. Mwakhala mukuwadutsa. Nanga apongozi munthu amawalondola chamaso, akuponda ngati msilikali?"

Kinsley anaseka. A Vera sanaseke. "Ndiye timatani?"

"Monga mwa mwambo. Timapatuka panjira, timanyonyomala, timayang'ana kumbali. Iwo ndi amene amayamba kulankhula."

A Vera anamasulira, ndipo alendowo anayang'anana. Jailosi anawatsogolera pang'onopang'ono, osalunjika kumene kunamveka kulira kuja koma cham'mbali. Anagwira a Anne mkono n'kuwakhazika pamuzu. Ena onse ananyonyomala, nkhope zitaloza kwina, ngati akamwini asanu ndi awiri akumana ndi apongozi panjira ya kuchitsime. Jailosi anapinda manja, anauziramo kawiri chapansipansi motsanzira kulira kwa mbalameyo, n'kusiya.

Panadutsa mphindi khumi. Palibe chinachitika.

Mzungu wina anayang'ana wotchi. Kinsley ananong'ona kuti, "Madamu, tikutaya nthawi." Linthumbu linapeza phazi la Jailosi n'kuyamba kukwera. Linaluma pakakolo, linaluma kuseri kwa bondo. Thupi lonse linkamuuza kuti dzuka, thamangira kutsogolo, mwina yasamukira mtengo wina, chita kanthu. Anaganiza za Loweruka, za mphasa ya ankhoswe, za njira ya ku Neno. Analuma mlomo, osasuntha ngakhale chala.

Mphindi zina khumi.

Huu-huk.

Kunali pamwamba pawo penipeni. Jailosi sanaloze ndi dzanja. Anangotukula chibwano pang'ono. Pa nthambi imene onse ankaiona ngati yopanda kanthu, tsamba lina linagwedezeka, linatembenuka, ndipo kufiira kuja kunangoti ngwee pakati pa mdima wa masamba.

A Anne anakweza magalasi awo. Anayang'ana nthawi yaitali. Atatsitsa, misozi inali ikuyenderera, ndipo ananong'oneza a Vera mawu.

"Akuti chiyani?" Jailosi anafunsa.

"Akuti muwathokozere apongozi anuwo."

Apa m'pamene Jailosi anadumpha n'kuyamba kudzimenya miyendo, linthumbu lili mpaka m'chiuno. Mbalame inathawa, alendo anagwa nacho chiseko.

A Vera anawatenga onse awiri. Anati Kinsley ali ndi pakamwa, Jailosi ali ndi makutu, aziphunzitsana.

Loweruka ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Jailosi anapereka kalata ya ntchito ndi manja awiri. A Bartholomew anaitembenuza uku ndi uku, kenako anampatsa Esime kuti awerenge mokweza.

"Ndiye ntchito yake ndi yotani kwenikweni?"

"Yoonetsa alendo mbalame, malume," anayankha Jailosi.

"Mukawaonetsa, agwira?"

"Sagwira."

"Sadya?"

"Sadya."

"Nanga amapita ndi chiyani kwawo?"

"Amangolemba m'kabuku kuti taiona."

Akuluwo anakanda ndevu. "Dziko lapita," anatero. Kenako anatembenukira kwa ankhoswe a ku Neno. "Pepani, takuyendetsani ulendo wautali. Poti mwabwera kale, tiyeni mukaone malo amene ndikuwapatsa akamwiniwa kuti amangepo nyumba ya njerwa. Koma uvuni wake aotche okha, mpaka upse."

Lero Jailosi sanalemere, ndisakunamizeni. Miyezi ina alendo sabwera, ndipo amalima ngati wina aliyense. Koma Mulanje anakwera, zilumba anaziona, Chingerezi chake n'chothyokathyoka koma chimamveka. Ana ake amagona bambo awo ali pakhomo. Miyendo ija imanyerenyesabe, kungoti tsopano amadziwa nthawi yoyenda ndi nthawi yonyonyomala.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi kanthu kamene anthu amakusekani nako, kamene inu nomwe mumakayesa kachabechabe. Mwina munakagwiritsapo ntchito molakwika, munachita manyazi pagulu, ndipo munalumbira kuti simudzayesanso. Kulakwitsa koyamba si chigamulo. Funsani pamene munaphonya, konzani, ndipo mukayamba musadzuke msanga, ngakhale zikuluma. Ambirife timanyamuka kutatsala pang'ono kuti chimene tikudikiracho chitembenuke.

Osataya mtima. Khalanibe pomwepo pang'ono.