Chipatala Chimene Chinatsalira M'chitini

Ku ofesi ankangowatchula kuti a Maere, ndipo iwo sankalikana dzinalo. Anali munthu wa ziwerengero ku nthambi ya zaumoyo, m'kachipinda kakumapeto kwa khonde, komwe zenera lake linapenyana ndi khoma la mosungira mankhwala. Ntchito yawo inali yofufuza ngati njira yatsopano yothandizira odwala yathandizadi, kapena ngati anthu angopezako bwino chifukwa nyengo yasintha.

Dzinalo linabadwa chaka chimene kunabwera ndondomeko yakuti anamwino aziyendera odwala matenda othamanga magazi m'makomo mwawo, kukawayeza ndi kuwasiyira mankhwala. Anamwino anali ochepa, choncho zipatala zinayenera kuyamba motsatizana, china lero, china pakapita miyezi. A Maere anaumirira kuti pasakhale munthu wosankha chipatala choyamba.

"Tikayambira kumene tikukukonda, tidzadzinamiza tokha," anawauza abwana awo. "Maere alibe m'bale. Mwezi ndi mwezi tizifanizira zipatala zomwe zayamba ndi zomwe zikudikira, ndipo kusiyana kwake kudzakhala kwa ndondomekoyi basi."

Analemba mayina a zipatala pa timapepala, n'kutiponya m'chitini cha mkaka, mlembi wa mu ofesimo n'kumatola kamodzikamodzi. Chipatala chimene mayi awo ankalandirako mankhwala chinatuluka kumapeto.

Mlembiyo anasuzumira pakhonde, natseka chitseko. "Achimwene, muno tilimo awiri, ndipo chitini sichiyankhula. Tibwereze?"

"Tikabwereza sakhalanso maere," anatero iwo, nalemba mndandandawo monga unatulukira.

Mayiwo ankakhala ndi mlongo wa a Maere m'nyumba ya zipinda ziwiri pamwamba pa chitunda. Miyendo inali itayamba kutupa, moti kuchipatala ankapita mwa apo ndi apo, ndipo mankhwala ankamwa akakumbukira. A Maere anawagulira makina oyezera kuthamanga kwa magazi, koma mlongo wawoyo ankaswera kusitolo komwe ankagwira ntchito, makinawo n'kumangogona m'katoni pamwamba pa kabati.

"Kutsidya kwa msewu anamwino akulowa nyumba ndi nyumba," anatero mlongo wawo tsiku lina akusita. "Ife tinalakwanji? Akuti wogwira chitini munali inu."

"Nthawi yathu ifika, achemwali."

"Musiye mwana wanga," anatero mayi ali pa mpando wawo wa pazenera. "Ameneyu ali wamng'ono ankagawa buledi ndi rula. Ukuyesa angasinthe lero?"

Anaseka onse, koma mlongoyo sanatukule maso pa nsalu.

Mayi anagwa pakhomo la bafa m'mawa wina, mbali imodzi itafa, ndipo sanayankhulenso mpaka tsiku lomwe anatsikira kuli chete. Patapita masabata angapo maliro atachitika, namwino wa chikwama chatsopano anagogoda pakhomo la pachitunda paja, akufunsa za mayi odwala magazi. Mlongoyo anamupatsa madzi akumwa, namulozera mpando wa pazenera.

Kafukufuku atatha, zotsatira zinatuluka zosakayikitsa. Pa chithunzi cha mizere, chiwerengero cha odwala ofa ziwalo chinkatsika pachipatala chilichonse anamwino akangoyamba kuyenda, osati asanayambe. Abwana anawagwira chanza a Maere pamaso pa anthu, nalengeza kuti ndondomekoyo ifalikira konse. A Maere ankangoyang'ana mzere wa chipatala chotsiriza, pamene unali usanatsike. Ankadziwa mwezi wake, ankadziwanso mmodzi mwa owerengedwa pamenepo.

Anakwera chitunda kukamuuza mlongo wawo.

"Ndiye zimathandiza?" anafunsa iye.

"Zimathandiza."

"Mwatsimikiza?"

"Palibe angatsutse."

"Chabwino. Amayi akuthandizani kutsimikiza."

Mpaka lero a Maere akadali m'kachipinda kaja, ndipo kukabwera ndondomeko yatsopano amaumirirabe maere, pakuti sanapeze njira ina yosanama. Koma chitini amachipereka kwa mlembi, iwo n'kukaima pakhonde mpaka kapepala komaliza katatuluka.